Kodi Kutonthola kwa Makolo ndi Ulemu?

Pali mlandu umene tiuopa tonse, ngakhale ife amene tiphunzitsa katekisma m'kalasi. Mwana akatha msinkhu ayenera kudziwa za thupi lace, za mimba, ndi za nthenda zotengana pogonana. Koma akafunsa, atate angoweramira pansi, ndi amai amtuma kumadzi. Timati ndi ulemu. Kodi ndi ulemu ndithu?

Makolo akale sanali opusa pakutonthola, pakuti nchitoyo inali ndi eni ace. Namwali analangidwa ndi anamkungwi, azakhali ndi agogo. Mnyamata anamva mwambo kumphala. Zina za m'cinamwali zinali zoipa, ndipo Eklesia anacita bwino kuzikana. Cifukwa cace a ku Nkhoma anaika cilangizo m'malo mwace. Koma mwana sanasiyidwa wopanda mau.

Taonani tsono kuno ku Mzilawaingwe, m'mzinda wa Mzuzu. Anthu anadza kudzafuna nchito, wina wa ku Karonga, wina wa ku Mzimba, wina wa ku Nkhata Bay, ndipo azakhali anatsala kwao. Nyumba nza lendi, mphala palibe. Mwambo wakutonthola tinadza nao m'katundu, koma alangizi tinawasiya m'mbuyo. Inu a kumidzi musanene kuti izi nza m'tauni zokha, pakuti kwanunso foni yalowa m'manja mwa ana, ndipo foniyo ilibe manyazi.

Pamene boma linawerenga m'zaka za 2015 ndi 2016, linapeza kuti mwa asungwana 100 a zaka 15 kufikira 19, okwana 29 anali atabala kapena anali ndi pakati. M'caka ca 2020, sukulu zitatsekedwa cifukwa ca mliri wa korona, kunamveka mimba za ana ngati 40,000 m'dziko lathu. Lamulo la 2017 liletsa ukwati wa mwana wosafika zaka 18, ndipo nlabwino. Koma lamulo silikhala pansi ndi mwana madzulo kumuuza kuti kacirombo ka Edzi kalowa bwanji m'thupi.

Ena ati, Mukawauza zimenezi mudzawaphunzitsa dama. Nanga pomuuza mwana pamene pali pakuya mumtsinje wa Lunyangwa, kodi timphunzitsa kumira? Mwana adzamva ndithu. Cotsala ncakuti amve kwa yani, kwa amace kapena kwa munthu womnyenga ndi sopo ndi ndalama. Eli wansembe anadzudzula ana ace zinthu zitaonongeka kale, ndipo Mulungu anamuwerengera iye mlanduwo. Ife tiyesa kuti manyazi otere acinjiriza nkhope ya kholo, osati moyo wa mwana.

Tanena izi tiri ndi cisoni pa ife tokha. Kangapo takhala pabwalo la mpingo, msungwana wapakati atagwada pakati pathu, ndipo tamletsa ku Mgonero. Iye tinamfunsa mafunso ambiri. Atate wace anali pomwepo pampando, ndi amace pamphasa, koma sitinawafunse ngati anamuuzapo kanthu.