Ndi tchimo kapena ndi matenda?



Pafupifupi msikiti uliwonse uli naye mnyamata wotere. Tinali naye limodzi ku madrasa, tikukumbukira momwe ankawerengera bwino Qur'an. Lero amangokhala pa depoti, maso ali psuu, Jumu'ah anasiya kalekale. Chamba, kachasu, mwina mankhwala a chifuwa aja okhala ndi codeine. Tikakumana naye, salamu yachangu basi. Kodi ameneyu ndi wochimwa kapena wodwala?

Ena amati palibe chokambirana, haramu ndi haramu. N'zoona. Nzeru ndi amana, ndipo kuziteteza ndi chimodzi mwa zolinga zisanu za Shariah. Tsiku loyamba lija, ngakhale anzake anamukopa, anasankha yekha.

Koma taonani zimene zimachitika m'thupi. Ubongo ukazolowera, mlingo wa dzulo lero sukwanira. Akayesa kusiya, thupi limaukira: kunjenjemera, thukuta, kusanza, kusowa tulo. Codeine ndi tramadol zikachuluka zimafooketsa kupuma mpaka munthu kufa. Kachasu amawononga chiwindi. Chamba kwa achinyamata ena chimadzutsa matenda a misala. Ndipo amene amamwa mowa kwambiri tsiku lililonse akasiya mwadzidzidzi akhoza kukomoka n'kumaphupha, n'chifukwa chake ayenera kusiya mothandizidwa ndi achipatala. Ndiye kungomuuza kuti "aise, ingosiya" sikokwanira.

Yankho langa ndi lakuti zonse ziwiri. Pakhomo analowa ndi miyendo yake, koma kutuluka yekha n'kovuta.

Allah amamudziwa munthu amene anamulenga. Mowa sunaletsedwe tsiku limodzi: Surah Al-Baqarah 219 inatchula kuipa kwake, An-Nisa 43 inaletsa kuswali uli woledzera, kenako Al-Ma'idah 90 inatsekeratu. Lamulo linamalizika, palibe za "pang'ono pokha" lero. Koma tikuphunzirapo kuti chizolowezi sichizuka ndi mawu amodzi.

Mu Sahih Al-Bukhari muli nkhani ya swahaba amene ankabwera naye kangapo chifukwa cha mowa. Wina atatopa naye anamutemberera. Mtumiki (SAW) anamuletsa, nachitira umboni kuti munthuyo ankakonda Allah ndi Mtumiki wake. Chilango analandira, koma ubale sunathe. Nanga ife? Tikamusala, tikumukankhira kwa anthu okhawo amene amamulandirabe, omwe ndi ogulitsa aja.

Chifundo si kumupatsa ndalama yoti akagulenso, eti. Ndi kumuuza zoona pa awiri osati pa gulu la WhatsApp, kumuperekeza ku chipatala, kumusungira malo pa safu. St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu otere, chimodzimodzinso chipatala cha matenda a m'maganizo ku Zomba.

Iwe amene ukuwerenga izi uli mu vutoli: khomo la tauba silinatsekedwe, ngakhale wagwa kakhumi. Uza munthu mmodzi lero.

Allah atiteteze, achiritse odwala athu, ndipo asatipange kukhala odzikweza pa mayeso amene ife sitinayesedwe nawo. Ameen.