Cakudya Cosunga Mtima: Phunziro Locokera kwa Azimai a ku Asia

Kuwerenga: Deuteronomo 8:7-10, Danieli 1:8-16

Dziko limene Mose analonjeza ana a Israyeli liri m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean. Pochula madalitso ake iye anawerenga tirigu, barele, mpesa, nkhuyu, makangaza, mafuta a azitona ndi uci. Zakudya zotere, pamodzi ndi ndiwo zamasamba, mphodza ndi nsomba, ndi nyama pang'ono cabe, ndizo anthu a m'mbali mwa nyanjayo akhala akudya. Madokotala a ku Spain anayesa kadyedwe aka pa anthu 7,447, ndipo mu 2018 anatsimikiza kuti mwa odya motere, ogwidwa ndi nthenda ya mtima kapena sitiroko anacepa ndi pafupifupi 30 peresenti.

Tsono mzimai wa ku India, China kapena Korea acite bwanji, pakuti kwao cakudya ndi mpunga woyera? Vuto lake ndi lalikulu. Mu 2004 akatswiri a bungwe la WHO anaonetsa kuti anthu a ku Asia amagwidwa ndi matenda a shuga ndi a mtima asananenepe kwambiri, cifukwa mafuta amaunjikana pamimba. Kwa mzimai, ciuno cikafika masentimita 80, ngozi yayamba. Ku Shanghai anatsatira azimai oposa 64,000, ndipo mu 2007 anapeza kuti odya mpunga wambiri ndiwo anadwala shuga koposa anzao.

Akatswiri a zakudya kumeneko salamula mzimai kuti agule azitona odula ocokera kunja. Amamuuza kuti atenge lamulo lake la kadyedweka nkulifuna mumsika wakwao. Mpunga woyera ucepe, ulowe wosapuntha. Nyama yonona icepe, ilowe nsomba, soya ndi mphodza. Mafuta akhale a mbeu monga citowe ndi nshawa. Masamba acuruke m'mbale, ndipo mcere usafike magalamu 5 patsiku, ndiko kuti kasupuni kamodzi ka tiyi.

Kodi si zimene anacita Danieli? Anali kapolo ku Babulo, kutali ndi minda ya kwao. Sanakhale pansi kulira nkhuyu za ku Yerusalemu. Anapempha zamasamba ndi madzi, zopezeka komweko, ndipo atapita masiku 10 nkhope yake ndi za anzake zinaoneka bwino kuposa za odya zonona za mfumu.

Amai, mu Cigwirizano cathu ndi angati amamwa mankhwala a BP ndi a shuga? Ndi maliro angati a sitiroko amene taimbapo? Ife tiphika, ndipo mtima wa banja lonse uli pa mthiko wathu. Tanyoza mgaiwa kuti ndi wa amphawi, tathamangira unga woyera. Saladi tithira ngati madzi. Koma Mulungu sanatimane: kapenta, kayera, cibwabwa cotendera, bondwe ndi mapeyala zonse ziripo pa Soweto ndi pa msika wa kumudzi.

Mlungu uno yesani ciuno canu ndi tepi ya telala. Pitani kucipatala akakupimeni magazi. Amene muli pa mankhwala musaleke. Ndipo pogawa cakudya, nsima icepe, ndiwo zicuruke. Thupi ili tinabwereka kwa Mwini wake. Tilisunge kuti timtumikire masiku ambiri.

Ambuye adalitse manja anu ndi miphika yanu. Amen.