MLANDU WA THUMBA LA MAKALA ULI PA YANI?

Tambala woyamba asanalire, pa mseu wocokera ku Likuni njinga zimakhala zitayamba kale kuyenda. Amuna othimbirira ndi mwaye, thukuta liri kamukamu, ali kukankha matumba atatu kapena anai a makala kulunjika ku Chinsapo. Anzao adzera mseu wa ku Bunda nalowa ku Biwi, ku Kawale ndi ku Area 23, ndipo ena apitirira mpaka ku Area 25 ndi ku Mgona. Ambiri a iwo agona pa njira, pakuti nkhalango ya Dzalanyama, kumene kucokera makala ambiriwo, siiri pafupi iai. Pamene dzuwa lituluka, thumba lija lagulidwa kale, lagawidwa m'tijumbo, ndipo mai wina wagula kajumbo kamodzi kuti aphikire mwana phala asanapite ku sukulu.

Malonda amenewa acitika poyera, komatu ngoletsedwa. Lamulo la za nkhalango la caka ca 1997 lidaletsa kuocha makala a mitengo yacilengedwe popanda ciphaso, ndipo m'caka ca 2020 lamulolo linakonzedwanso, zilango zace zinakula. M'caka ca 2015 Boma linafika potumiza asilikari kukalonda Dzalanyama. Cinkana zinatero, njinga sizinaleke kubwera. Tsono funso loyenera kuliganizira bwino ndi ili: pamene mzinda wathunthu uphikira cinthu coletsedwa, kodi wocimwa ndani?

CIMENE THUMBA LIMODZI LIDYA

Poyamba nkoyenera kuona ngati mlandu ulipodi, cifukwa anthu ena amati mitengo ndi ya aliyense ndipo iphukanso yokha. Dzalanyama inaikidwa kukhala nkhalango yotetezedwa m'caka ca 1922, ndipo kukula kwace ndi mahekitala pafupifupi 99,000. M'mapiri ace ndimo mucokera mtsinje wa Lilongwe, umene madzi ace asungidwa m'madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde asanatumizidwe ku mipopi ya mumzinda. Mitengo ya mombo ndi tsamba ikakhala ciimire, mvula ilowa pansi pang'onopang'ono, ndipo mtsinje uyenda caka conse. Mitengoyo ikagwa, madzi athamanga pamwamba, nakokolola dothi, nalitaya m'damu. Pofika cilimwe mtsinje ucepa. Cotero mai yemwe uja anagula kajumbo ka makala m'mawa, madzulo apezeka pa mzere wa ku kiyosiki, cigubu ciri m'manja, mpopi uli kungodontha.

Uvuni wa dothi nawonso ngowononga, pakuti nkhuni zimene zipsamo zilemera kasanu kapena kuposerapo kuyerekeza ndi makala otulukamo. Pamodzi ndi mitengoyo patayikanso bowa, masuku ndi uci, zimene anthu a m'midzi yozungulira ankapezerapo ndiwo ndi ndalama caka ndi caka. Mlandu ulipo ndithu, ndipo olakwiridwa ace ena sanabadwe nkomwe.

WOOCHA MAKALA

Cala ca anthu cifulumira kuloza munthu wa pa njinga, popeza ndiye aoneka ndi maso. Kunena zoona, iye sali wosalakwa. Adziwa kuti lamulo liletsa, ndipo wadula mtengo wa pa gwero la mtsinje adziwa kuti mbale wace adzamva ludzu. Koma woweruza wacilungamo afunsanso kuti munthuyo anali ndi njira zingati patsogolo pace. Munda wace ngwaung'ono, feteleza wakwera mtengo, nkhokwe yatha mwezi wa December usanafike, ndipo nchito yolembedwa palibe. Munthu sasankha mwa kukonda kugona m'thengo masiku angapo akulonda uvuni, kupuma utsi, ndi kukankha katundu wolemera kuposa iye mwini pa zitunda zonsezo. Pa mtengo umene thumba ligulidwira mumzinda, gawo lace la iye ndi locepa.

Kumbuyo kwace kuli ena amene saoneka masana: mwini galimoto amene anyamula matumba mazana usiku, ndi munthu wopatsidwa udindo wolonda njira amene atsinzina atalandira kangacepe. Awa sali ndi njala. Iwo adaona njira zambiri, nasankha yoipayo cifukwa ca phindu, ndipo mlandu wao uposa wa wanjinga kutali.

WOGULA MAKALA

Popanda wogula sipakadakhala woocha. Kalembera wa caka ca 2018 anaonetsa kuti pa mabanja 100 aliwonse m'dziko muno, pafupifupi 77 ankaphikira nkhuni, 18 makala, ndipo 2 okha magetsi. M'mizinda makala ndiwo anali patsogolo. Koma ogula sali ofanana onse.

Alipo mai wa ku Mgona amene akhala m'cipinda cimodzi ca lendi, mopanda waya wa magetsi. Ndalama zace zibwera tsiku ndi tsiku, ndipo zithanso tsiku lomwelo. Makala amkomera cifukwa agulika pang'onopang'ono monga mcere ndi tomato, pamene botolo la gasi ndi citofu cace zifuna ndalama zambiri nthawi imodzi. Gasiyo acokera kunja, ndipo pamene Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 m'mwezi wa November 2023, katundu yense wocokera kunja anakwera. Munthu wotereyu akauzidwa kuti aleke makala, ndiye kuti wauzidwa kuti ana ace adye ufa wosaphika. Cikumbumtima cace cisalemetsedwe ndi katundu amene sangathe kumtula.

Aliponso bambo wa pa nchito ya malipiro abwino, amene nyumba yace iri ndi magetsi ndi citofu, koma thumba la makala silisowa pa khonde pace, cifukwa afuna kusunga mayunitsi pophika nyemba, kapena afuna kuocha nyama Loweruka. Madzulo amva pa wailesi za kutha kwa nkhalango, napukusa mutu, nati anthu a kumudzi ngosamva. Iyeyu anali ndi njira ina, koma sanaitsate.

Adzayankha kuti magetsi sadalirika, ndipo mau acewo ali ndi coonadi. M'mwezi wa January 2022 namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, amene apereka mamegawati pafupifupi 130, ndiko kuti cigawo cimodzi ca magawo atatu a magetsi amene dziko linali nao masiku amenewo. Mpaka caka ca 2023 anthu ankakhala maola ambiri mu mdima, ndipo ngakhale olemera anabwerera ku mbaula. Koma apa mpamene paonekera msampha. Magetsi ambiri a Malawi acokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula kumene makina anayamba m'caka ca 1966, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Mapiri akametedwa mitengo, matope atsikira mu mtsinjewo nabvutitsa makina. Magetsi akazima anthu agula makala. Makala akagulidwa mapiri ena ametedwanso. Munthu amene angathe kutulukamo m'bwalo limeneli koma osatuluka, athandiza kumangirira anzace onse momwemo.

BOMA NDI MALAMULO ACE

Akulu akale adati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Malonda a makala akhala pa mphika wa banja lirilonse la mumzinda, ndipo woponya cibonga mosaganiza aphwanya mphikawo. Atsogoleri adazindikira zimenezi, ndipo zina zimene adacita nzoyamikika. M'caka ca 2017 Boma linatulutsa ndondomeko ya zaka khumi ya za makala, imene inabvomereza kuti kulanda kokha sikukwanira, koma pafunika makala ololedwa, mbaula zosunga moto ndi njira zina zophikira. Caka comweco nchito yopanga magetsi inacotsedwa ku ESCOM nipatsidwa kwa kampani yatsopano ya EGENCO, ndipo khomo linatseguka lakuti makampani ena apange magetsi ndi kuwagulitsa. M'caka ca 2018 kunabwera ndondomeko yatsopano ya dziko lonse ya za mphamvu. Zipatso zace zinayamba kuoneka: ku Salima malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60 anatsegulidwa m'caka ca 2021, ndipo ku Golomoti ena a mamegawati 20, okhala ndi mabatire osungira mphamvu, m'caka ca 2022. Lonjezo la caka ca 2013 lakuti pofika 2020 m'dziko mukhale mbaula zosunga moto 2 miliyoni, monga ya dothi ija yochedwa Chitetezo Mbaula, linakwaniritsidwa. Ku Viphya, kampani ya Kawandama Hills inalandira ciphaso coocha makala a mitengo yobzala.

Komabe magetsi a dzuwa a ku Salima, angacuruke bwanji, sawiritsa mphika wa munthu wopanda waya. Kanyali ka sola kaunikira mwana powerenga, koma sikaphika nsima. Lamulo lolungama litseka khomo limodzi litatsegula lina, ndipo khomo linalo liyenera kukhala lakuti wosauka angathe kulowapo. Kulanda njinga nkwapafupi ndipo kuoneka ngati nchito yagwirika. Kukokera waya m'tinjira ta ku Chinsapo, kugulitsa gasi pa miyeso yaing'ono, ndi kupereka ziphaso kwa alimi obzala mitengo yao, ndiyo nchito yobvuta ndi yocedwa. Wolamulira akasankha yapafupiyo nasiya yobvutayo, cilango ca kulephera kwace cigwera munthu amene ali wocepa mphamvu koposa onse.

MUYESO WA MLANDU

Yankho la funso lija tsono ndi lakuti onse ali ndi gawo, koma magawowo salingana. Mlandu wa munthu ukula monga mwa kukula kwa ufulu wace wosankha. Ncifukwa cace sikuli koyenera kuti iye amene akhuta aweruze wanjala, ndiponso sikuli koyenera kuti wanjala aziti umphawi wamcotsera udindo wonse. Wosauka angathe kubviika nyemba usiku kuti zisacedwe kupsa, kubvundikira mphika, kuzima makala otsala, ndi kugula mbaula yosunga moto akapeza mpata. Woocha angathe kuleka mitengo ya pa magwero a madzi. Mwini nyumba za lendi angathe kulowetsa magetsi m'zipinda za anthu ace. Wa malipiro abwino angathe kufunsa kumene kwacokera thumba asanatulutse ndalama, ndipo angathe kulileka ndithu. Kwa olamulira kufunika zoposa, pakuti iwo ndiwo agwira makiyi a makomo onsewo.

Mawa m'bandakuca njinga zidzatsikanso pa mseu wa ku Likuni. Munthu wodziwa cilungamo akadzakumana nazo, asadzayambe ndi kutukwana wokankhayo. Ayambe wakumbukira cimene ciri pa khonde pace, ndi kudzifunsa ngati anacigula cifukwa ca kusowa kapena cifukwa ca kukonda kuchipa.