Pepo Wosasuluka

Padangokhala Che Mvuu a ku Mpondasi, ali ndi mwana mmodzi yekha wamkazi. Mwanayo umbeta wake utatha, mnyamata wa ku Malombe atamufunsira, anati ukwati wake ukhala wa pepo. Madiresi a operekeza apepo. Makhadi apepo. Keke ya nsanjika zitatu, ndipo pamwamba pake maluwa a shuga 40, onse apepo.

Kuchokera pa mlatho wa Bakili Muluzi mpaka ku Monkey Bay, wodziwa maluwa oterewa anali mmodzi, Abiti Nanzikambe. Koma manja awo, mayo! Duwa limodzi linkawadyera m'mawa wonse, ndipo mtengo wawo sunali wonenerera.

Abiti Fisi nawo anali ndi uvuni, wa masikono ndi zigumu. Atamva nkhaniyi pamsika anathamanga.

"Che Mvuu, mutayirenji ndalama? Ine theka la mtengowo, sabata imodzi basi."

Che Mvuu anayasamula, n'kulipira zonse.

Abiti Fisi anakanda shuga wa ayisingi ndi choyera cha dzira. Anadontheza kala wofiira, anadontheza wa buluu. Pepo uyo! Anaumba maluwa chothamanga n'kuwayanika pathandala, padzuwa la Okutobala, ngati usipa. Pofika mkuja onse anali a buluu.

Anaviika chidede, madzi n'kufiira kuti psu. Anafinyiramo ndimu, anasanduka pinki. Anathiramo soda wa therere, anabiriwira motuwa. Shuga ankatha, masiku ankatha.

Ndiye anakagogoda kwa Abiti Nanzikambe.

"Odi, amayi. Ndangodutsa. Koma pepo wanu uja amakhalitsa bwanji?"

Abiti Nanzikambe anatembenuza diso limodzi. Patapita nthawi anatembenuza linalo.

"Mu pepo muli mitundu iwiri, achemwali. Wofiirawo, uja amalemba E127 pakabotolo, ndi wamantha. Ukaona kuwala umathawa, buluu n'kutsala yekha. Ndiye ine maluwa ndimaumitsira m'katoni, kunsi kwa bedi. Akauma ndimawapaka kala wa ufa ndi kaburashi, limodzi limodzi. Ndikatero ndimawadutsitsa pa nthunzi ya ketulo, kamphindi chabe, kuti ufawo ugwire. Kenako amabwerera mumdima mpaka..."

Anayang'ana pampando. Mlendo anali atapita kale.

Pobwerera, Abiti Fisi anadzera kudooko. Anapeza mwana wa Nyani akuvuuka m'madzi, bondo lake lili pepo weniweni.

"Iwe, chimenecho n'chiyani?"

"GV, mayi. Ndinagwa mumtengo wa mango, anandipaka pachilonda."

"Liti?"

"Lachiwiri."

"Ndipo ukusambira tsiku ndi tsiku? Padzuwa lonseli?"

"Eya, mayi. Sachoka."

Abiti Fisi anaseka mpaka misozi. Kabotolo ka GV kanali kotchipa kuposa mulu wa utaka. Anadontheza m'shuga muja, anakanda, anaumba. Anayanika padzuwa dala. Tsiku loyamba, pepo. Lachiwiri, pepo. Lachitatu, pepo wochita kuwala. Usiku wotsiriza anatseka chitseko kuti awerenge maluwa awo, ndipo anagona mochedwa.

M'mawa wa ukwati anafika atakulunga chitenje kukamwa, akuloza patsaya. Mwana wawo ndiye ankawayankhulira.

"Akuti dzino lawagwira. Akutinso maluwa alipo 28, ena mbewa zadya."

Che Mvuu anang'ung'udza, koma ataona mtunduwo mtima unagwa pansi. Keke inakhala pabwalo kuyambira m'mawa. Dzuwa la ku Mangochi linaswa mtengo, mabaluni anaphulika, operekeza anatha thukuta, koma maluwa aja anangoti nji. Azimayi ankadzera pomwepo popita kukataya perekaniperekani, akugwedeza mitu. "Koma Abiti Fisi abisa luso!" Eni ake ankangovomera ndi mutu.

Nthawi ya keke inakwana. Mkwati anadyetsa mkwatibwi duwa, mkwatibwi anadyetsa mkwati. Zidutswa zinayamba kugulitsidwa, chokhala ndi duwa mtengo wake pawiri. Ankhoswe anagula. Amfumu anagula. Che Mvuu, poti ndi eni mwana, anagula zisanu n'kuponya kukamwa kamodzi. Kanali kowawirako, koma wapereka ndalama zambiri chonchi angalavule pagulu?

Wojambula anakweza kamera.

"Tiyeni tonse, mano panja!"

Inu, mukanakhalapo tsiku limenelo! Mano a mkwatibwi, pepo. Milomo ya mkwati, pepo. Amfumu anaseka ankhoswe, ankhoswe analoza amfumu. Mkwatibwi anapukuta pakamwa ndi velo, velo n'kuda pomwepo. Anthu anakhamukira ku Shire kukachukucha. Anayesa sopo, anayesa phulusa, anayesa mswachi. Ayi ndithu. Che Mvuu anayasamula kuti akalipe, ana onse n'kubalalika, poti m'kamwa monse mpaka kummero munali mwa mtundu wa ukwati.

"Abiti Fisi, mwatidyetsa chiyani?"

Abiti Fisi analoza patsaya.

"Dzino limenelo tilione," anatero Che Kalulu, amene analibe ndalama yogulira keke. Anadumpha n'kukoka chitenje chija.

Lilime, nkhama, ndevu zomwe. Pepo wake anali wothithikana kuposa wa wina aliyense, wa maluwa 12 ogonera.

"Mbewa zija n'zimenezi," anatero Che Kalulu.

Che Mvuu anafuna ndalama zawo. Ogula keke anafuna zawo. Wa chovala cha mkwatibwi, poti chinali chobwereka, anafuna zake. Pofika madzulo uvuni wa masikono unali pangolo, ukupita kwa mwini wina.

Nthawi imeneyo ndi pamene Abiti Nanzikambe ankafika pachipata, atanyamuka kwawo mbandakucha. Diso limodzi linayang'ana Che Mvuu, linalo Abiti Fisi.

"Anagula kuti kala ameneyu?" anafunsa. "Koma ndiye ndi wogwira."