Kodi Phiri ndi Mtsinje Zingalalike Mulungu?

Pali funso lovuta Akhristu ena a kuno ku Balaka. Makolo athu ankathira nsembe patsinde pa mitengo ndi m'mapiri; tsono munthu wobatizidwa akaima kuyang'ana phiri la Chikala, mtima wake nudzala ndi mantha aulemu, kodi sali kubwerera ku zakale?

Ku America kunali mmisiri wojambula, dzina lake Thomas Cole. M'chaka cha 1842 anatsiriza zithunzi zinayi za munthu woyenda m'bwato pamtsinje, kuyambira ukhanda kufikira ukalamba. Pa chithunzi chachitatu bwato layandikira mathithi, onga a Kholombidzo pa Shire. Chiwongolero chatayika, munthuyo wapinda manja kupemphera, mngelo ali kutali m'mitambo, iye osamuona. Pamenepo palibe wopembedza madzi ayi: mathithi aopsa munthu, munthuyo nafuulira Mwini mathithi.

Koma choopsa chilipo ndithu. Wophunzira wa Cole, Frederic Church, m'chaka cha 1859 anajambula mapiri aakulu a Andes, naika mtanda m'munsi mwake, ndi anthu awiri pafupi pake. Mtandawo anauchepetsa kotero kuti woyang'ana mofulumira agoma ndi mapiri okha, nachoka osadziwa kuti unalipo.