Kodi Njira Yosiyidwa Ili ndi Mwini?

Munthu wocokera ku Chunga, akadzera ku Matero nafika ku George, apeza pamene panali kuthera njanji ya sitima ya anthu a nchito. Sitimayo inali kuwanyamula pakati pa George ndi Chilenje, kupyola m'kati mwa Lusaka, koma inaleka kuyenda caka ca 2000 cisanafike.

Pamene mzere wace ukali kuoneka, ngakhale nkhalamba iyendapo osacita befu, pakuti sitima siikonda citunda, ndipo omanga anasalaza pokwera nakwirira potsika. Koma woyendayo sapita patali asanakomane ndi khoma. Pena pamangidwa nyumba, pena aikapo matebulo a malonda, ndipo zitsulo zambiri zinazulidwa kale. Kodi anthu amene anacita izi anaba?

Iwo akana. Ati anapeza malo alikugona, iwo ali ndi ana osowa pogona. Ndipo akumbutsa kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mau amenewa sayenera kupeputsidwa ndi munthu amene mvula siinamgwerepo usiku.

Komabe makolo sanali kuyesa tsala cinthu cotola. Munda ungagone zaka khumi, wofuna kulimamo anayamba wapita kwa mwini kapena kwa mfumu kukapempha. Cobvuta pa njanji ndi ici, kuti mwini wace ndi boma, ndipo ambiri ayesa boma ngati munthu wacuma wokhala kutali, amene sangamve kuwawa citsulo cimodzi cikasowa. Pamenepa alakwa. Amene amva kuwawako ndi mai wa ku George wogwira nchito ku Chilenje, wolipira mabasi awiri kupita ndi awiri kubwera. Njirayo inali yace, ngakhale sanali ndi kalata yace, ndipo palibe anaodira pakhomo pace kukampempha.

Munda ukalandidwa mbali imodzi, mbali yotsala ilimika. Njanji ikaduka pamalo pamodzi, yafa yonse. Motero womanga woyamba anatenga zambiri koposa zimene anayesa ndi cingwe cace.

Koma mlandu sukhala pamene unayambira. Sitima itati ibwerere, nyumbazo zidzayenera kugwetsedwa, ndipo m'menemo mugona ana amene anabadwa zitsulo zitapita kale, osewera madzulo pa mtumbira wa dothi osadziwa amene anauunda.