Mtengo wapakati ndi mayi wotsalira kumapeto

Abale anga a ku Mandimba, Ngauma ndi Cuamba, pa wailesi timalengeza mtengo wa chimanga kuti mlimi asaberedwe. Koma msika sukhala ndi mtengo umodzi. Nanga umene timatchulawo timaupeza bwanji?

Tiyerekeze kuti tafunsa alimi asanu, ndipo agulitsa kilo pa mametikali 10, 24, 25, 26 ndi 50. Tikaphatikiza n'kugawa pasanu tipeza 27, ndalama yoposa imene anayi mwa iwo alandira. Wa 50 uja wakoka anzake onse.

Akatswiri a masamu ali ndi njira yochepetsera vutoli, yotchedwa winsorizing potengera dzina la Charles Winsor wa ku America. Manambala akumapeto sawataya, koma amawasendeza kuti afanane ndi oyandikana nawo: 10 asanduka 24, 50 asanduka 26. Tikatero tipeza 25, mtengo umene mlimi wa ku Massangulo angaudalire asanakweze thumba panjinga.

Njirayi ndi yothandiza, koma funso limodzi limandisowetsa mtendere: ndikangonena 25 n'kukhala chete, kodi ndanena zoona? Mwina 50 uja wolemba anaphonya. Koma 10 uja angakhale mayi amene mwana wake watentha thupi usiku, venda n'kumupeza pakhomo m'mamawa. Masamu sasiyanitsa wolemba wophonya ndi munthu wopanikizika. Papepala mayiyo walandira 24, koma pachitenje wamanga 10.

Anzanga ena amati mphindi za pa wailesi n'zochepa, ndipo manambala ambiri amasokoneza womvera. Sakunama. Komabe kumbukirani 2017, pamene India anachepetsa nandolo wolowa m'dziko lake, mtengo n'kugwa kuno. Msika ukamatembenuka, woyamba kugulitsa motchipa amaoneka ngati wachilendo. Tikazolowera kumusendeza mwakachetechete, chenjezo lidzafika mochedwa.

Choncho ine ndasankha kutere. Ndizilengeza 25, chifukwa ndi umene ambiri angaupeze. Ndizinenanso poyera kuti manambala akumapeto tawasendeza, n'kutchula wotsikitsitsa ndi wokwera kwambiri. Kenako ndizibwerera kumudzi kukafunsa chimene chinachititsa 10 uja. Kusendeza nambala si bodza. Bodza limayamba pamene womvera sanauzidwe kuti pali munthu amene wasendezedwa.